Mzungu uja analamulirako Zambia, anali mlimi zoona?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mchinji, akuti anakangana ndi amuna awo usiku wonse. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndi zoona kuti a Guy Scott, mzungu uja anakhalako pulezidenti ku Zambia, anali mlimi? Abambo kunyumba kuno akuti anangochokera ku Ulaya n'kupatsidwa mpando."

Mayi, kawauzeni abambowo kuti apa agwa nayo. A Scott mchombo wawo unagwera ku Livingstone, m'Zambia momwemo, mu 1944, bambo awo ndi amene anachokera ku Scotland, anali dokotala komanso ankachita za nyuzipepala ndi ndale. Mwanayo anapita ku Cambridge kukaphunzira za chuma, atabwerako mu 1965 anakalowa ntchito ku unduna wa zachuma, dziko litangolandira kumene ufulu. Koma za muofesi sanakhalitse nazo, mu 1970 anatsegula famu yawo ya Walkover Estates n'kumalima tirigu wothirira, masitiroberi ndi ndiwo zamasamba zija zimapezeka nthawi imene wina aliyense alibe, mitengo ili m'mwamba. Apa ndiye mukuona kuti sukulu ija sinapite pachabe, munthu amalima akuwerengera. Kenako anapitanso ku England n'kukatenga digiri yapamwamba ya PhD ku yunivesite ya Sussex, ya zina zosakhudzana ndi khasu n'komwe.

Ndale anazilowa nthawi ya matipate. Mu 1991 anaimira chipani cha MMD cha a Frederick Chiluba pa mpando wa phungu ku Mpika, anawina, ndipo anapatsidwa unduna wa zaulimi. Ine pamene ndimawapatsira ulemu ndi pamenepa, osati pa upulezidenti uja anthu amakonda kukamba. Tangoganizani, mwangolowa muofesi miyezi yowerengeka, basi mvula yadula, chilala cha 1992 chija. Amene tinalipo tikukumbuka, kwathu chimanga chinauma chisanamasule ngayaye, masamba kuchita kupotana ngati anyezi, ndipo tinadya nsima yachikasu ya chimanga chobwera, agogo anga ankaidya akutukwana kuti ikununkha koma mbale ankaitsuka ndi chala. Ku Zambia zinali chimodzimodzi, nkhokwe za boma zinali mbee, ndiye ntchito ya a Scott inali yoitanitsa chimanga kunja n'kuchiyendetsa pa sitima ndi pa malole kuchokera kumadoko a eni ake, poti nawonso nyanja alibe ngati ife tomwe, mpaka chikafike kumidzi misewu yake yomwe ija. Anthu anapulumuka, chaka chotsatira anakolola zambiri. Malipiro ake? Mu 1993 a Chiluba anawachotsa pa unduna.

Zapakatipa ndingodutsa msanga. Mu 1996 anayambitsa chipani cha alimi, Lima Party, limodzi ndi a Ben Kapita, mtsogoleri wa bungwe la alimi, sichinapite patali, alimi pa voti amayang'ana zina. Kenako anakakwera bwato la chipani cha Patriotic Front (PF) ndi a Michael Sata, mu 2006 anawina mpando wa phungu wa Lusaka Central, ndipo PF italowa m'boma mu 2011 a Sata anawasankha kukhala wachiwiri wawo.

Ndiye mpando waukulu uja sanachite kupatsidwa ngati mphatso ayi. A Sata anamwalira ku London pa 28 October 2014, malamulo amati wachiwiri agwirizire mpaka chisankho chichitike pasanathe masiku 90, basi. Ndipo sizinali zokoma, maliro asanaikidwe a Scott anachotsa a Edgar Lungu pa ulembi wa chipani, anyamata ku Lusaka anayamba kuotcha matayala m'misewu, m'mawa mwake anawabwezera pampando. Pamenepo ine ndimati anaphonya, za munda ankazidziwa koma pa siwa sitikambirapo za maudindo. A Lungu omwewo ndi amene anawina chisankho n'kulumbira kukhala pulezidenti pa 25 January 2015.

Mwina abambo afunsa kuti nanga bwanji a Scott sanaimire okha pa chisankhocho. Panali lamulo la mu 1996 loti wofuna upulezidenti makolo ake onse awiri akhale obadwira m'Zambia. Lamulolo sanapangire a Scott, a Chiluba ankatchera a Kenneth Kaunda, amene makolo awo anachokera kuno kwathu ku Nyasaland kupita ku mishoni ya Lubwa. Msampha anatchera mwana wa Mmalawi, patapita zaka 18 unadzakola mwana wa munthu wa ku Scotland.