Chitenje ndi K50 ya ofuna mpando

Mdzukulu wanga wa ku Kapata, wandifunsa kuti: "Agogo, andale onse ndi abodza. Ndikalandira chitenje ndi K50 yawo ndalakwa chiyani, poti voti yanga sisintha kanthu?"

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga pamaliro kumudzi kuno ku Katete. Tili pasiwa, azimayi akuimba m'nyumba, kunatulukira galimoto zitatu. Munatsika bambo wina wofuna mpando, anyamata ake mafoni m'mwamba. Sanapite kukakhala pansi kwa anyakwawa, ngakhale kugwira dzanja anamfedwa. Anaima pakati pa bwalo n'kutambasula ndalama za chipepeso kuti zijambulidwe, kenako anayamba kunyoza mnzake wa chipani china. Adzukulu asanamalize kukumba manda, iye anali atapita kale. Mayi woferedwa uja anangofunda nsalu kumutu. Kwathu chipepeso timapereka mwakachetechete kudzera kwa akuluakulu, ndipo pamaliro sitinenerapo zamkangano. Mtima ukundiwawabe.

Choncho sindikudabwa kuti chikhulupiriro chakuthera. Koma zoti voti sisintha kanthu, ayi, pamenepo ndakana. Ine ndinaima pamzere mu 1991, pamene a Kaunda, atalamulira zaka 27, anagonja kwa a Chiluba n'kutula mpando mwamtendere. Mu 2011 a Rupiah Banda, a kwathu kummawa kuno, anavomera kuti a Sata apambana, misozi ili m'maso. Anawachotsa ndani ngati si anthu onga iwe?

Wokupatsa K50 amati wakulipira kale. Ukadzamufunsa za mjigo wofa kapena feteleza wofika mvula itagwa kale, adzakuyang'ana ngati mlendo. Chikhalirecho mu 2022 boma linakweza ndalama za chitukuko cha m'madera, zotchedwa CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Ndalama zimenezo n'zanu, si mphatso ya munthu.

Ndipo chonde usalowe ukada, uja wa anyamata ochita ziwawa m'dzina la chipani. Amene amakutuma kukagenda anthu, ana ake amakhala ali kusukulu.

Ofuna mpando akadzabwera kudzachita msonkhano, upite. Ukhale pansi, umvetsere mpaka amalize. Kenako ukweze dzanja, uwapatse ulemu wawo, n'kufunsa kuti ndalama za chaka chatha zinagwira ntchito yanji, ndipo ili pati kuti tikaione. Ubwere udzandiuze zimene akakuyankhe.