Tifunseni za Foni ndi Intaneti: Kodi Amuhaka Kapena Ndi Vayilasi?

FUNSO: A Mkonzi, mng'ono wanga amubera WhatsApp. Mnzake wa kuntchito anamulembera kuti "ndalakwitsa nambala, kodi yanga yabwera kwa iwe, nditumizire msanga," iye n'kutumiza, kenako WhatsApp yake n'kutseka ndipo pano munthu akupempha ndalama kwa abale tonse m'dzina lake. Ana anga ena akuti ndi phishing, ena akuti ndi vayilasi. N'chimodzimodzi kodi? Mayi wodandaula

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, zimenezi zimawawa makamaka poti dzina la munthu ndi lomwe likuipa. Koma sizofanana ayi. Zomwe zawachitikira ang'ono anuwo ndi phishing, apa wakuba sathyola foni, amangodzisandutsa munthu yemwe mumamudziwa kuti mumupatse nokha kiyi. Chomwe anatumizacho, kodi ija, ndi manambala 6 omwe WhatsApp imatumiza pa SMS munthu akamalembetsa nambala yanu pa foni ina, nde mbavayo inalemba nambala ya ang'ono anu pa foni yake, kodi n'kufika kwa iwo, chomwe chimatsala n'kuwanyengerera kuti aitchule basi. Mnzawo uja mwina sakudziwa n'komwe, nayenso anamubera kale, mbava imangotsata manambala omwe yawapeza m'magulu ake mmodzimmodzi.

Achite izi lero lomwe: atsegule WhatsApp, alembetsenso nambala yawo, kodi yatsopano ikabwera n'kuilemba wakubayo amatulutsidwa pompo. Ngati wakubayo anaikamo kale PIN yake pangafunike kudikira masiku 7, asataye mtima. Akaibweza apite pa Settings, Account, Two-step verification aike PIN yawo ndi imelo. Inu imbirani abale kuti asatumize kalikonse.

Vayilasi nde ndi nkhani ina, ndi pulogalamu yoipa yomwe imalowa m'kompyuta n'kumafalikira, ili m'gulu lalikulu lotchedwa malware. M'gulu lomwelo muli ransomware yomwe imakhoma mafayilo anu onse n'kufuna ndalama kuti iwatsegule. Mu Meyi 2017 ina yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150, zipatala za ku England mpaka kubweza odwala, chomvetsa chisoni n'choti Microsoft inali itatulutsa kale update yotseka bowo lomwe WannaCry inalowera mu Malichi koma ambiri sanaike. N'chifukwa chake ine sindigwirizana n'zomangodina "later" foni ikapempha update.

FUNSO: Pasiwedi yanga ndi dzina la mwana wanga ndi chaka chomwe anabadwa, ndimaigwiritsa ntchito paliponse kuti ndisaiwale. Pali vuto? Bambo wa ana atatu

YANKHO: Lilipo bambo, ndipo ndi lalikulu. Dzina la mwanayo ndi tsiku lake lobadwa mwina munaziika kale pa Facebook aliyense n'kuona. Choopsa kwambiri ndi "paliponse" mwanenayo, chifukwa webusayiti imodzi ikaberedwa akuba amatenga imelo ndi pasiwedi n'kukayesa ku Gmail, ku Facebook, kubanki, ndipo sayesa ndi manja, makina ndi omwe amayesa. Lumikizani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, zilembo zipose 12, akaunti iliyonse ikhale ndi yake. Zoiwalazo musade nazo nkhawa, foni yanu ili ndi password manager yosungira. Yambani ndi imelo poti ndi komwe amasinthira mapasiwedi ena onse.

FUNSO: Webusayiti ikayamba ndi https eti ndi yotetezeka? Wophunzira

YANKHO: Pang'ono chabe. Imatanthauza kuti zomwe mukulemba zikuyenda zobisika, wapanjira sangaziwerenge, koma sikuti mwini webusayitiyo ndi wachilungamo, akuba nawonso ali nayo https. Werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, faceb00k ya maziro awiri si facebook ayi, ndipo linki ikabwera pa meseji ikukufulumizitsani kuti akaunti itsekedwa musaidine, tsegulani app yeniyeniyo muone nokha.