Yambira pa zoyerazo

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako pagulupa... dikira kaye nditseke chitseko, ana akusokosa. Eya. Akuti fomula ya Hardy-Weinberg, ija yowerengera mmene majini amagawikira m'gulu la zamoyo, ndi iti? Iweyo wa ku Bunda ungasowe fomula? Ili m'kope mwakomo, p² + 2pq + q² = 1, ya 1908 ija. Ine ndikukudziwa, chakusowa ndi poyambira, koma ukuchita manyazi kunena pagulu.

Ukuwakumbukira amalume a ku Mitundu, bambo ako aang'ono aja? Chaka chimene anagulitsa njinga... ayi, chisanafike chimenecho, agogo akadali moyo. Chimanga chawo chamakolo chija chikamera, m'mizere munkatuluka tina toyera mbee ngati pepala. Timasamba tiwiri titatu, kenaka n'kufota, poti chomera chosabiriwira sichidzipangira chakudya. Iwo m'mamawa, mame ali chonchi, ankazula kamodzikamodzi n'kukataya kuseri kwa chulu, amvekere chaka chamawa sitidzameranso. Chaka chamawa, si ito! Anaganizira nankafumbwe, anaphwasula nkhokwe n'kumanga ina. Anaganiziranso munda wa kumtunda uja. Ine ndinkawatsata pambuyo nditanyamula chitini, ndipo zinkawapweteka ndithu, chifukwa mbewuyo anawasiyira ndi bambo awo.

Chimene sankadziwa n'chakuti kuyerako kunkabisala m'zobiriwira zomwe ankasungazo.

Ndiye tiyerekeze wadzala mbewu 100, zoyera zatuluka 4. Chomera chilichonse chimatenga jini imodzi kwa kholo lililonse, A ya kubiriwira kapena a ya kuyera, ndipo A ikakhalapo imabisa a. Zobiriwira zili 96, koma ndi maso sungasiyanitse AA ndi Aa. Zoyerazo n'zokhazo zimene ukuzidziwa motsimikiza, ndi aa basi. Yambira pamenepo. Mu fomula muja p ndi gawo la A, q ndi gawo la a, ndiye aa ndi q². Zoyera 4 pa 100, q² ndi 0.04, tenga square root, q ndi 0.2. Chotsa pa 1, poti p + q = 1, p ndi 0.8. AA ndi 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8, ndiye 64 pa 100. Aa ndi... iii, dikira, osaiwala 2 uja, anthu amagwera pomwepo... 2 × 0.8 × 0.2, ndiye 32. Waona? Zoyera 4 zokha, koma 32 zanyamula mwakachetechete, zili zobiriwira bwinobwino. Amalume ankazula 4, n'kututa 32 zija kukaika m'nkhokwe.

Koma samala. Masamu amenewa amafuna zomera zambiri zoberekana mwachisawawa, popanda wosankha, popanda mungu wochokera kwina. Chimanga chimayandikirako chifukwa mungu wake umauluka ndi mphepo. Nyemba ndi mtedza zimadzibereketsa zokha, Aa imachepa, usakakamize fomulayi pamenepo. Ngakhale chimanga chomwecho, ukamasunga mbewu ya zisononkho zisanu zokha, zasokonekera.

Ndiye pamayeso, usathamangire 96 ija kuti ndi p². Pita kwa zoyera, upeze q, zinazo zibwera zokha. Wamva? Zoyera kaye, msuweni. Unditumizire funso lenilenilo pambali ndilione, ndipo azakhali uwapatse moni.