Dokotala akatsutsa katemera, timvere ndani?

Mayi wina wokhala ku Leicester, ku England, wanditumizira imelo. Mwana wawo wakwanitsa chaka ndipo kalata yoti akabayitse katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, yafika, koma pagulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi pakuyenda vidiyo ya dokotala wa ku Britain yemwe amati katemerayu amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kayankhulidwe ndi kachezedwe ka mwana. Iwo akufunsa kuti: "Ngati akunena ndi adokotala, ine ndine yani kuti nditsutse?"

Mayi, funso lanu ndi lanzeru. Vidiyo mwanditumizirayo ndi ya Andrew Wakefield, ndipo nkhani yake inayamba kalekale.

M'chaka cha 1998, Wakefield ndi anzake a pachipatala cha Royal Free ku London anasindikiza kafukufuku m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Anaunika ana 12 okha. Kafukufukuyo sanatsimikize kuti katemera wa chikuku, matsagwidi ndi rubella ndiye amayambitsa autism, koma pamsonkhano wa atolankhani Wakefield analangiza kuti katemera atatuwa aziperekedwa payekhapayekha. Nyuzipepala zinaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Makolo anachita mantha, moti chiwerengero cha ana obayitsa ku England chinatsika kuchoka pa 92 peresenti kufika pafupifupi 80 peresenti pofika 2003.

Zomwe makolowo sanauzidwe anazifukula mtolankhani Brian Deer kuyambira mu 2004. Wakefield ankalipidwa kudzera mwa loya yemwe ankakonza zosumira makampani opanga katemerayo, ndipo ndalama zake zinaposa mapaundi 400,000. Ena mwa ana aja anali a makolo omwe anali pamlandu womwewo. Mu 1997 anali atalembetsanso umwini wa katemera wina wa chikuku chokha. Ana anawalowetsa kamera m'matumbo ndi kuwatenga madzi a pamsana popanda chilolezo choyenera. Chomwe chimandinyansa ine kwambiri n'chakuti paphwando la tsiku lobadwa la mwana wake, anatenga magazi a ana obwera kuphwandoko, n'kumawapatsa mapaundi 5 aliyense. Mu 2010 The Lancet inachotsa kafukufukuyo, ndipo bungwe la General Medical Council linamufufuta m'kaundula wa madokotala.

Komatu musaganize kuti dokotala aliyense wokayikira katemera ndi wabodza. Ayi. Mu 1992 dziko la Britain linasiya mitundu iwiri ya MMR itapezeka kuti inkadwalitsa ana ena matenda oumitsa khosi. Mu 1999 ku America anachotsa katemera wa RotaShield chifukwa ankapinditsa matumbo a makanda ena. Mu 2021, madokotala a ku Norway ndi Germany anaona anthu ochepa magazi akuwaundana atabayitsa katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca. Anzawo a m'maiko ena atafufuza anapeza zomwezo, ndipo pasanathe miyezi iwiri Britain inayamba kupatsa anthu osafika zaka 30 katemera wina.

Kusiyana kwagona pamenepa. Awawa ananena, ena anayesa n'kupeza zomwezo. Za Wakefield anthu anayesanso, kambirimbiri, osapeza kanthu. Ku Denmark anatsatira ana oposa 530,000 m'kafukufuku wa 2002, kenako ana oposa 650,000 m'kafukufuku wa 2019. Autism inapezeka mofanana mwa ana obayitsa ndi osabayitsa omwe. Choncho mukamva dokotala akutsutsa, musafunse za digiri yake yokha. Funsani kuti waunika anthu angati, akumulipira ndani, ndipo ena atabwereza apeza chiyani.

Nanga amayi omwe amalira kuti mwana anasintha atangobayitsa? Sakunama, ndipo amandimvetsa chisoni. Vuto n'lakuti zizindikiro za autism, monga kusayang'ana munthu m'maso, kusatembenuka akaitanidwa dzina ndi kuchedwa kuyankhula, zimayamba kuoneka pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, nthawi yomweyo ya katemerayu. Mtima wa kholo umalumikiza ziwirizo, ndipo ndani angaliimbe mlandu?

Mukabayitsa, pakatha sabata imodzi kapena kuposera pang'ono mwana atha kutentha thupi, kutuluka tiziphuphu ndi kukana chakudya kwa masiku awiri kapena atatu. Ana owerengeka amakomoka chifukwa cha kutenthako. Zimaopsa kuziona, ndipo zikatero thamangirani kuchipatala, ngakhale kuti ambiri amachira bwinobwino. Chilichonse chachilendo mutha kukanena nokha kudzera pa Yellow Card, njira ya boma la Britain yonenera zovuta zobwera ndi mankhwala kapena katemera, osadikira adokotala.

Mwalembanso kuti mukufuna kupita naye mwanayu kumudzi kukaonetsa agogo ake. Chikuku mumachidziwa, Mayi. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 ku Malawi n'kupha pafupifupi 300, ndipo ku Birmingham pafupi nanu pomwepo chinabukanso mu 2023. Katemerayu amatenga masabata awiri kapena atatu kuti ayambe kuteteza, ndiye kabayitseni tikiti ya ndege isanayandikire. Tengani buku lofiira lakuchipatala la mwanayo, mulembe mafunso anu onse papepala, mukawafunse anamwino jakisoni asanatulutse.