Akuchotsani pa ntchito yachitukuko kuti nthawi yatha: lamulo likuti chiyani?

Bambo a ku Lunzu, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati muli ndi zaka 63, ntchito ya ulonda ku Limbe inatha kalekale, ndipo mwakhala mukupeza kangachepe pa ntchito yachitukuko ya m'dera lanu, yokumba migula, kudzala vetiva ndi mitengo. Tsopano kapitawo wakuuzani kuti dzina lanu lachotsedwa chifukwa nthawi yanu yatha, komanso mwakula, musiyire anyamata. Ndalama za masiku omaliza simunalandire. Mukufunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

Kapitawoyo wakupatsani zifukwa ziwiri, koma pamaso pa lamulo sizilemera mofanana.

Ndiyambe ndi chimene sichikukondweretseni. Kuika malire a nthawi pa ntchito zoterezi si mlandu. Kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990, ntchitozi zimabwera nyengo ndi nyengo: anthu amagwira masiku owerengeka, n'kulandira, basi. Cholinga chake n'kuthangata mabanja ovutika, osati kulemba munthu ntchito yokhazikika. Ngakhale titaitenga ngati ntchito yolembedwa, gawo 28 la lamulo la Employment Act la 2000 limati mgwirizano wa nthawi yoikika umatha wokha tsiku lake likakwana, popanda notisi. Choncho musathamangire ku Industrial Relations Court kukadandaula kuti akuchotsani ntchito. Mlandu wotere n'ngovuta kupambana, ndipo mungangoonongapo ndalama ya minibasi.

Koma malirewo ayenera kukhala olembedwa m'ndondomeko ya ntchitoyo, ndipo akhudze aliyense mofanana. Ngati anzanu amene munalembetsa nawo tsiku limodzi akugwirabe, inu nokha ndi anzanu aimvi ndi amene nthawi yakutherani, pamenepo pali nkhani.

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho. N'zoona kuti zaka za munthu sizinatchulidwe mwachindunji pamndandanda wa m'gawolo, koma mndandandawo umathera ndi mawu ophatikiza mikhalidwe ina ya munthu, ndipo ine ndingaime m'khoti n'kunena kuti ukalamba ulowa pamenepo. Gawo 13 limalamulanso boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba, n'kuwalimbikitsa kutenga nawo mbali pa zochitika za m'dera lawo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Inu muli momwemo. Atha kunena kuti ntchito ya khasu ndi piki imafuna amphamvu. Chabwino, koma mphamvu saziyeza poyang'ana imvi. Munthu amene wakumba migula nyengo zonsezi popanda wodandaula sangasanduke wofooka tsiku limodzi. Zimandipweteka mtima kuona kuti amene amachotsedwa motere nthawi zambiri ndi agogo amene akulera zidzukulu zamasiye. Ndipo ngati mphamvu zathadi, funsani kuti akuunikeni pa Mtukula Pakhomo, chifukwa thandizo limenelo n'la mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wogwira ntchito.

Chida chanu chachikulu ndi gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko. Limati munthu amene ganizo la ofesi ya boma lamukhudza ali ndi ufulu wochitiridwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Mawu apakamwa a kapitawo si zifukwa zolembedwa.

Lembani kalata sabata ino, m'Chichewa momwemu. Tchulani tsiku limene munayamba, tsiku limene anakuuzani kuti mwachotsedwa, mawu enieni amene ananena, ndi amene analipo. Pemphani kuti akuonetseni pamene malire a nthawi analembedwa, akupatseni zifukwa m'kalata, ndiponso akulipireni masiku amene munagwira. Za malipirozi musagonje ayi: thukuta munakhetsa kale, ndipo kaundula wa masiku ogwira ntchito ndi umboni wanu. Perekani kalatayo ku komiti yomva madandaulo ya ntchitoyo, ina ipite kwa bwanamkubwa ku khonsolo. Yanu yosunga aidinde kapena aisayine ndi deti.

Akakhala chete, pitani kwa Ombudsman. Ofesi imeneyi inakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko kuti izifufuza zopanda chilungamo ngati zimenezi, ndipo salipiritsa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission nalonso limamva madandaulo a tsankho. Mukamva kuti malo anu anapatsidwa kwa wina atapereka kenakake, imeneyo ndi nkhani ya ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu.

Palinso malire ena a nthawi amene kapitawo sanakuuzeni, ndipo awa ndi amene ndikuwaopa. Kupempha High Court kuti iunikenso ganizo la ofesi ya boma kumayenera kuchitika msanga, pasanathe miyezi 3 chichitikireni ganizolo. Ambiri amathera miyezi imeneyi akuyendera komiti, akuuzidwa kuti mubwere mawa. Khoti litha kuonjezera nthawi, koma musadalire zimenezo. Mwezi umodzi ukatha opanda yankho, tengani makalata anu ndi chiphaso chaunzika mupite ku Legal Aid Bureau kuno ku Blantyre, kumene amathandiza anthu osatha kulipira loya. Ngati pali achikulire ena amene achotsedwa mofanana, pitirani limodzi, aliyense ndi kalata yakeyake.