Kachiboliboli kamene gogo anandisiyira: ndikapukute, ndikagulitse, kapena ndikataye?

FUNSO: Akulu, ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England kwa zaka zingapo. Gogo wina amene ndinkamusamalira atamwalira, ana ake anandipatsa kachiboliboli kamene kankakhala pashelefu ya mabuku kuchipinda kwake, poti ankandiona ndikukachotsa fumbi m'mawa uliwonse. Ndi mnyamata wosavala, wangovala nsapato zazingwe, chikopa chili paphewa, mutu waweramitsa pang'ono, ndipo chala cha dzanja lamanja wachiimika ngati akumvetsera kanthu. N'kotalika masentimita 28, n'kolemera ndithu, ndipo n'kobiriwira ngati ndere. Pansi pake pali kachidindo kofufutika, mawu amene ndikutha kuwerenga ndi akuti "Napoli" okha. Gogoyo ankati agogo ake ndiwo anakagula ku Italy. Amuna anga akuti n'ka m'nthawi ya Aroma, tikagulitse tilemere. Mnzanga wakutchalitchi akuti ndi fano, ndikataye. Ine ndikungofuna kukapukuta kuti kawale. Ndimvere ndani?

Mayi E.K., Bristol

YANKHO: Mayi, mwa anthu atatu amene mwatchulawo, woopsa kwambiri kwa kachiboliboliko ndinu. Abambo akunyumba akungolota, anzanu akungoopa, koma inu muli ndi kansalu m'manja. Kaikeni kaye pansi, tikambirane.

Mnyamata mwafotokozayo ndikumudziwa bwino. Chiboliboli chenichenicho anachifukula m'chaka cha 1862 ku Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79. Lero chili m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Naples, umene eni ake amautcha Napoli. Nditaimirira pamaso pake ndinadabwa kufupika kwake, n'chongopitirira pang'ono masentimita 60. Ofukulawo anamutcha Narcissus, mnyamata wa m'nthano za Agiriki amene anakopeka ndi nkhope yake yomwe ataiona m'madzi, ndipo ankati chalacho wachiimika pomvetsera mawu a mtsikana Echo. Dzinalo linamatirira, ogulitsa akulitchulabe mpaka lero. Koma akatswiri anazindikira kalekale kuti chikopa chapaphewacho ndi nkhata yamasamba kumutu ndi zizindikiro za Dionysus, mulungu wa vinyo, amene Aroma ankamutcha Bacchus. Ambiri amakhulupirira kuti chalacho ankaseweretsa nacho kambuku amene anali kumapazi ake, amene sanapezeke.

Apa nkhani ya abambo yatha yokha. Mnyamatayu anali pansi pa phulusa mpaka 1862, ndiye kuti palibe mmisiri akanamutengera chisanafike chakacho. Kanuko kakakalamba kwambiri, kali ndi zaka pafupifupi 160. Ndipo Mroma wakale sakanadinda mawu akuti "Napoli", chifukwa mzindawo pa nthawi yake unkatchedwa Neapolis.

Komabe musaganize kuti gogo ankasunga chinthu chachinyengo. Wopanga sanabise kanthu, wogula sananamizidwe. Kuyambira cha m'ma 1600 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, mabanja olemera a ku Britain ankatumiza anyamata awo pa ulendo wautali wotchedwa Grand Tour, wodzera ku Paris kukafika ku Florence, Rome ndi Naples, kuti akaone ndi maso zimene anawerenga m'Chilatini kusukulu. Pobwerera pankafunika umboni woti munthu anafikadi. Olemera zedi ankagula ziboliboli zakale zamwala wa mabo, koma zotchuka kwambiri zinali m'manja mwa apapa ndi mafumu, sizinali pamalonda. Choncho amisiri a ku Rome anayamba kuumba timilungu tating'ono tamkuwa toti n'kulowa m'bokosi. Giacomo Zoffoli ndi Giovanni Zoffoli anatchuka ndi ntchitoyi, ndipo Francesco Righetti anafika posindikiza m'chaka cha 1794 ndandanda ya zimene ankapanga, mitengo ili pambali, m'Chifalansa kuti alendo amve. Munthu ankangoloza: ndipatseni Apollo, ndipatseni Venus.

Kanuko n'ka m'badwo wotsatira, pamene sitima zapamtunda zinatsegulira ulendowu aphunzitsi, abusa ndi amalonda wamba. Thomas Cook, Mngerezi wokonzera anthu maulendo, anatsogolera gulu lake loyamba la alendo ku Italy mu 1864, patangotha zaka ziwiri mnyamata wanuyu atatuluka m'phulusa, ndiye mukhoza kuona chifukwa chake anafalikira m'nyumba zambiri za Angerezi. Ku Naples kunali ng'anjo zingapo zodziwika: ya Sabatino De Angelis, ya Giorgio Sommer amene analinso wojambula zithunzi wotchuka, ndi ya Gennaro Chiurazzi imene inayamba mu 1870. A Chiurazzi analoledwa kutenga zikombole pa ziboliboli zenizeni za m'nyumba yosungiramo zakale ija, ndipo ntchito yawo inali yodalirika moti J. Paul Getty, mpondamatiki wa ku America, pomanga nyumba yake yosungiramo zakale ku Malibu m'ma 1970 motengera nyumba ina ya ku Herculaneum, mzinda winanso umene Vesuvius anaukwirira, anaitanitsa ziboliboli zam'munda kwa iwowo. Ku Paris nako Achille Collas anapanga mu 1836 makina ochepetsera chiboliboli osasokoneza maonekedwe ake, ndipo atagwirizana ndi Ferdinand Barbedienne mu 1838 anadzaza Ulaya ndi timakope ta Venus de Milo, chiboliboli chotchuka cha mulungu wamkazi wa chikondi.

Tsopano za kubiriwirako, pamene pagona nkhani yonse. Inu mukuona ngati ndi litsiro la zaka zambiri. Ayi, kanatuluka m'ng'anjo kali kachikasu kowala, mmisiri n'kukapaka mankhwala akukawotcha mpaka katabiriwira, mwadala. Zinthu zamkuwa zofukulidwa ku Pompeii zinkatuluka zobiriwira, pomwe za ku Herculaneum zinkaoneka zodera, pafupifupi zakuda. Tsono wogula ankasankha yekha mtundu: wa Pompeii, wa Herculaneum, kapena wofiirira wosalala. Agogo ake a gogo wanuyo anasankha wobiriwira ndipo anaulipira. Khungu limenelo, limene odziwa amalitcha patina, n'lopyapyala kuposa pepala, ndipo ndilo wogula wodziwa amayamba kuyang'ana.

Ndikunena izi ndi manyazi, chifukwa ndinapsa nazo ndekha. Zaka zapitazo ndinagula pamsika wa zinthu zakale ku Naples kachiboliboli ka Hermes, mulungu wina wa Agiriki, wokhala pamwala, uja chenicheni chake chinapezeka ku Herculaneum mu 1758. Anali wakuda bii. Madzulo ena ndinaona ngati bondo lake lada kwambiri, ndinatenga ndimu ndi mchere. Bondo linawala ngati ndalama yatsopano, thupi lonse lili lakuda, kuoneka ngati munthu wosupuka. Ndinati ndipukute ponse kuti pafanane. Chimene ndinatsala nacho ndi chidole chachikasu. Patapita miyezi, m'mikwingwirima ya mwalawo munayamba kutuluka timadontho tobiriwira mowala, tonga ufa. Amenewo ndi matenda a mkuwa, amayamba mchere ukakumana ndi chinyezi, ndipo amadya chitsulo kulowa mkati. Wokonza zinthu zakale amene ndinamupititsira anangondiyang'ana n'kupukusa mutu.

Choncho chitani zimene munkachita gogo ali moyo: burashi yofewa kapena kansalu kouma, basi. Madzi ayi, viniga ayi, mankhwala opukutira zitsulo ayi. Musakaike kubafa kapena pawindo pamene pamachita thukuta m'nyengo yozizira. Kamodzi pa chaka kapena ziwiri mukhoza kupaka phula lopanda mtundu, lija amagwiritsa ntchito osunga zinthu zakale, pang'ono kwambiri. Mukaona kubiriwira kolimba, kosalala, n'kwabwino. Mukaona kobiriwira mowala kumene kukuyoyoka mukakhudza, pitani nako kwa katswiri msanga.

Kuti mutsimikize kuti ndi mkuwa weniweni, wosakaniza ndi tini, katembenuzeni. Pezani malo obisika mkati mwa tsinde ndi kukandapo pang'ono ndi nsonga ya singano. Pakaoneka chikasu kapena kufiirira kwa golide, ndi mkuwa. Pakaoneka potuwa ngati siliva wozimirira, ndi zinki wopakidwa utoto, amene ankapangira ogula a ndalama zochepa. Ndi wopepukirapo ndipo amathyoka msanga. Maginito akamata ndiye kuti ndi chitsulo wamba. Zamakono zambiri ndi pulasitiki wosakaniza ndi ufa wa mkuwa, ndipo mukazigwira sizizizira m'manja. Kenako yang'anani zingwe zansapato ndi tsitsi. Ntchito yabwino imaonetsa chingwe chilichonse pachokha, chifukwa mmisiri ankadzabwerezanso ndi tizitsulo tosemera mkuwa utazizira. Zikaoneka ngati sopo wosungunuka, ndiye kuti wina anatenga chikombole pa kope lina, ndipo kope la kope limataya mizere n'kuchepa pang'ono, poti mkuwa umafota ukamazizira.

Za kulemera: abambo asayambe kusankha galimoto. Tiziboliboli tosainidwa ndi Zoffoli kapena Righetti n'tosowa ndipo osonkhanitsa amalimbirana. Narcissus wa ku Naples anapangidwa wambirimbiri, m'misinkhu yosiyanasiyana, kwa zaka zambiri. Ali ndi mtengo wake ndithu, makamaka chidindo chikawerengeka ndi khungu likakhala losakhudzidwa, koma ndi mtengo wa chokongoletsera chabwino chakale.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti kukopera kumeneku anayamba ndi Aroma eni ake. Agiriki ankaumba milungu yawo yambiri ndi mkuwa, koma mkuwa uli ndi tsoka loti umasungunuka. Pa nkhondo ndi pa umphawi, milungu inasanduka zida, ndalama ndi mabelu. Zimene zinapulumuka n'zimene zinabisika, monga ziboliboli za ankhondo awiri zimene zinavuulidwa m'nyanja ku Riace, ku Italy, mu 1972. Zambiri timazidziwa chifukwa Aroma olemera ankalamula makope amwala oika m'minda mwawo. Apollo Belvedere wa ku Vatican, amene alendo a Grand Tour ankamugomera kuposa onse, ndi kope lachiroma la chiboliboli chamkuwa chimene chinatayika, chimene ambiri amati anaumba Leochares cha m'ma 330 Yesu asanabadwe. Ndiye Mngerezi akagula Apollo wamng'ono kwa Righetti, ankanyamula kope la kope, limene mosadziwa linabwezera mulunguyo ku chitsulo chimene anabadwiramo.

Anzanu akutchalitchi sindiwaseka. Mwina akukumbukira Demetriyo wa ku Efeso, wosula siliva wa m'buku la Machitidwe mutu 19, amene ankapanga tiakachisi ta Artemi n'kuyambitsa chipolowe poona kuti Paulo akumuphera malonda. Kusiyana kwake n'kwakuti ogula a Demetriyo ankapembedza. Kanuko kanaumbidwa patapita zaka pafupifupi 1,500 akachisi a Dionysus atatsekedwa, ndi amisiri a mumzinda wachikatolika, kupangira alendo ofuna chokumbukira ulendo. Palibe anakagwadirapo kapena kukathirira nsembe. Koma chikumbumtima n'chanu, sindingakulowereni. Ngati kakusowetsani mtendere m'nyumba, kabwezeni kwa ana a gogo kapena kagulitseni kwa woti akasamale. Kukaponya m'bini ndiye ayi.

Usiku uno zimitsani magetsi, tengani tochi ya foni, muunikire kachidindoko cham'mbali, kuwala kuzikwawa pamwamba pa chitsulo. Zilembo zofufutika zimaonekera ndi mthunzi wake. Mukaona "Chiurazzi", "De Angelis" kapena "Sommer", lembani papepala pamodzi ndi zonse zimene gogo anakuuzani za agogo ake, ndipo funsani ana akewo ngati akudziwa chaka cha ulendowo. Pepalalo mulipinde, mulilowetse m'kati mwa tsinde, ndipo munditumizire chithunzi cha chidindocho.