Za mchenga wa ku Grand Canyon ndi timiyala ta zircon

Achimwene funso lanu ndi labwino heavy, mwafunsa kuti asayansi amadziwa bwanji komwe mchenga wa m'nyanja zakalekale unachokera pomwe mitsinje yake inauma kale, mapiri ake anaphwasuka, mchengawo unauma nkukhala thanthwe. Sikuti amalota ayi, amafunsa timiyala tina totchedwa zircon.

Mchenga wambiri ndi quartz ndipo quartz siuza munthu zaka zake. Koma mkati mwake mumakhala tinjere ta zircon tochepa, tating'ono ngati kunenepa kwa tsitsi, tolimba zedi moti madzi atha kutigubuduza makilomita masauzande osatha. Ngakhale mu mchenga wolemera uja wa kunyanja ku Makanjira ku Mangochi zircon alimo. Nkhani yake ndi iyi, zircon akamapangika m'thanthwe losungunuka amalola uranium kulowa (yemwe uja wa ku Kayelekera) koma mtovu amaukana. Ndiye uranium uja pang'onopang'ono amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, wa mtundu wa 238 theka lake limatha pa zaka 4.47 biliyoni, wa 235 pa zaka 704 miliyoni. Ukayeza mtovu ndi uranium wotsala wadziwa kuti kanjereko kanabadwa liti, ndipo poti mawotchi ndi awiri mu kanjere kamodzi wina amatsimikizira mnzake. Kakale kwambiri komwe kanapezeka nka ku Jack Hills ku Australia, zaka 4.4 biliyoni.

Ku labu amasinja mwala uja, kusefa, kuchotsa zina ndi maginito kenako kuthira mu madzi apadera olemera kwambiri, quartz amayandama zircon nkumira, ngati kupeta ndi lichero basi. Akatero amamata tinjere tija, kutipukuta, nkumawombera laser kamodzikamodzi. Sayeza kamodzi ayi, Pieter Vermeesch anawerengera mu 2004 kuti pamafunika tinjere pafupifupi 117 kuti usaphonye gulu lofunika, masiku ano ena amayeza mazanamazana. Zaka zija ukaziika pamodzi umaona kuti zambiri zaunjikana pati, ndiye umayang'ana pa mapu kuti matanthwe a zaka zimenezo ali kuti.

Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ine ndi Grand Canyon, chigwa chakuya cha ku Arizona ku America, komwe George Gehrels ndi anzake a ku University of Arizona anayeza miyala kuchokera pansi mpaka pamwamba nkusindikiza mu 2011. Pansi pa miyala yomwe anayezayo pali Tapeats Sandstone, mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ya zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Zircon wake wambiri ndi wa zaka 1.7 ndi 1.4 biliyoni, zofanana ndi matanthwe a dera lomwelo, kutanthauza kuti mchengawo sunachokere kutali. Koma ukakwera ku miyala ya pamwamba monga Supai zinthu zimasintha, mumadzaza tinjere ta zaka 1.0 mpaka 1.2 biliyoni ndi tina tocheperapo zaka, zomwe kwawo nkummawa ku mapiri a Appalachian, mbali inayo ya America. Nthawi imeneyo makontinenti anali kugundana kupanga kontinenti imodzi yaikulu yotchedwa Pangaea, mapiri aja anakwera kwambiri ndipo mchenga wake unadutsa America yense ndi mitsinje, mphepo ndi mafunde. Tangoganizani, mitsinje yomwe palibe anaionapo ikudziwika ndi kanjere komwe simungakatole ndi zala.

Zircon amathandizanso kwina, thanthwe silingakhale lakale kuposa kanjere kake katsopano kwambiri, ndi mmene mu 2018 anapezera kuti Tapeats si wakale monga ankaganizira.

Koma apa ndipomwe ndimafuna mumvetse, chifukwa ambiri amakokomeza. Kulimba komweko ndi vuto lakenso, zircon atha kuchoka m'phiri, kukhala m'thanthwe lina zaka 200 miliyoni, kukokolokanso nkukagwera m'nyanja ina. Zili ngati malaya a pa kaunjika, lebulo imakuuza komwe anasokedwa koma osati amene anavala komaliza. Komanso miyala ina monga basalt ili ndi zircon wochepa kwambiri ndiye phiri lonse litha kupereka mchenga osaoneka m'zotsatira, pomwe granite, poti ali ndi zircon wambiri, amachita phokoso. Nchifukwa chake odziwa ntchito amayang'ananso mizere ya m'thanthwe yosonyeza komwe madzi ankalowera, ndi hafnium, chitsulo china cha mu zircon momwemo, pofuna kusiyanitsa madera awiri a zaka zofanana.